Kupulumutsa sukulu pa nthawi ya nkhondo ndi ziletso za chuma: yambani ndi mphunzitsi

Nkhondo ndi ziletso za chuma zimapha sukulu m'njira ziwiri zosiyana, ndipo wofuna kuipulumutsa ayenera kudziwa kuti akulimbana ndi iti. Bomba limagwetsa chipupa tsiku limodzi, aliyense n'kuona, atolankhani n'kujambula. Ziletso zimadya ngati chiswe. Denga lili pomwepo, belu likulira m'mawa uliwonse, koma mphunzitsi wa masamu ali kumsika kukagulitsa katundu wa m'nyumba mwake, buku limodzi akulimbirana ana a benchi yonse, ndipo mpopi wa pasukulu unauma kalekale.

Malangizo awa ndi a anthu ogwira ntchito ku unduna wa maphunziro, ku mipingo yomwe ili ndi sukulu, ndi ku mabungwe othandiza amene angatumidwe kudziko lotere. Zambiri tazitenga ku Iraq, chifukwa kumeneko nkhondo ndi ziletso zinagwera pamodzi kwa nthawi yaitali, ndipo zolakwika zake zinalembedwa.

Iraq inali ndi poyambira pabwino. Maphunziro anakhala aulere mu 1974, lamulo lokakamiza ana onse kupita ku pulayimale linabwera mu 1976, ndipo mu 1978 boma linayamba ntchito yaikulu yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga. Nkhondo yolimbana ndi Iran, kuyambira 1980 mpaka 1988, inayamba kudya ndalama za sukulu. Pa 2 Ogasiti 1990 asilikali a Saddam Hussein, mtsogoleri wa Iraq, analowa mu Kuwait, ndipo patangopita masiku anayi nthambi ya chitetezo ya bungwe la United Nations inapereka chigamulo nambala 661 choletsa pafupifupi malonda onse ndi Iraq. Mu Januwale ndi Febuluwale 1991 mabomba a America ndi mayiko ogwirizana nayo anaphwanya malo opangira magetsi, zomwe zinaimitsanso makina opopa ndi kuyeretsa madzi. Ziletsozo zinachotsedwa pa 22 Meyi 2003, nkhondo ina, imene America ndi Britain anagwetsera boma la Saddam Hussein, itachitika kale. Mwana amene analowa kalasi yoyamba mu 1990 anafika msinkhu womaliza sekondale asanaonepo sukulu yoyenda bwino.

Yezani kaye, koma yezani zoyenera

Cholakwa choyamba cha anthu ambiri ndi kuwerenga nyumba zogumuka n'kuganiza kuti adziwa kukula kwa vuto. Nyumba n'zosavuta kuwerenga, n'chifukwa chake zimadzaza malipoti. Pa sukulu iliyonse yomwe mwaiyendera, lembani zinthu izi tsiku lomwelo, mutaziona ndi maso anu: aphunzitsi amene ali m'kalasi poyerekeza ndi amene ali pa mndandanda wa malipiro, ana amene abwera poyerekeza ndi olembedwa m'kaundula, maola amene mwana wakhaladi akuphunzira, mabuku amene ali m'manja mwa ana m'kalasi imodzi, ndiponso ngati madzi akutuluka ndi zimbudzi zingati zikugwira ntchito. Fikani osachenjeza, ndipo bwereraninso tsiku la msika kapena tsiku logawa chakudya, chifukwa ndi pamene aphunzitsi ndi ana amajomba kwambiri.

Kaundula wa olembetsa amanama pa nthawi ngati iyi, ngakhale wolembayo ali woona mtima. Mayina a ana amene anasiya sukulu safufutidwa msanga, makamaka ngati chithandizo chikuperekedwa potengera chiwerengero cha ana. Siyanitsani anyamata ndi atsikana, tawuni ndi mudzi, ndipo yang'anitsitsani kalasi yomaliza ya pulayimale ndi yoyamba ya sekondale. Pamenepa ndi pamene banja losauka limachotsa mnyamata kuti akagwire ganyu, mtsikana kuti akhale pakhomo kapena akwatiwe.

Chenjeraninso ndi manambala ochokera kwa aliyense amene ali ndi mbali pa mkanganowo. Kafukufuku wa 1999 wa imfa za ana ku Iraq, amene anachitika mogwirizana ndi boma la Baghdad, anasonyeza kuti imfazo zakwera kwambiri ndipo anagwiritsidwa ntchito padziko lonse, koma akafukufuku ena a pambuyo pa 2003 sanapeze kukwera kwa imfa kofanana ndi kumeneko. Izi sizikutanthauza kuti ana sanavutike. Zikutanthauza kuti nambala imodzi ikagwa, otsutsa amataya nayo limodzi nkhani yonse yoona. Nenani zokhazo zimene mungathe kuziwerenganso mawa.

Malipiro a mphunzitsi

Apa ndi pamene sukulu imafera, ndiye tikhalitsapo.

Chaka cha 1990 chisanafike, dinari imodzi ya Iraq pa mtengo wa boma inali yoposa madola atatu a ku America. Pofika kumapeto kwa 1995, dola imodzi inkagulidwa ndi madinari pafupifupi 3,000 kwa osintha ndalama a mumsewu. Malipiro a aphunzitsi ambiri anatsika mpaka kufika pa madola ochepa chabe pa mwezi, osakwana ngakhale ndalama yokwerera basi popita kuntchito. Zotsatira zake zimabwera motsatana, ndipo n'zofanana kulikonse. Oyamba kuchoka ndi aphunzitsi a masamu, sayansi ndi Chingerezi, chifukwa luso lawo limagulika kwina. Aphunzitsi ambiri a ku Iraq, makamaka a ku yunivesite, anakapezeka akuphunzitsa ku Jordan, Libya ndi Yemen. Otsala amayamba ntchito yachiwiri, monga kuyendetsa takisi. Kenako amayamba kuphunzitsa mwapadera ana amene makolo awo angalipire, n'kumasunga mitu yofunika ya mayeso kuti akaiphunzitse kumeneko. Pomaliza mamalikesi enieniwo amayamba kugulidwa. Musathamangire kuwatcha akuba anthu amenewa. Munthu amene malipiro ake atha pa tsiku lachitatu la mwezi amafuna podyera, ndipo podyera pake pafupi ndi m'kalasi.

Njira yoyezera ndi iyi. Pitani kumsika umene aphunzitsi amagulako, muwerengere mtengo wa chakudya cha banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi pa mwezi, potengera muyezo wa makalori 2,100 pa munthu pa tsiku umene mabungwe othandiza amagwiritsa ntchito. Onjezani ndalama ya ulendo wopita kusukulu ndi kubwerako, nkhuni kapena mafuta ophikira, ndi sopo. Gawani ndi 30 kuti mupeze mtengo wa tsiku limodzi, kenako muone kuti malipiro a mphunzitsi akukwanira masiku angati. Chitani zimenezi mwezi uliwonse, pa mitengo ya kumsika, osati ya boma. Masikuwo akayamba kuchepera pa theka la mwezi, musadikire kuti muone makalasi opanda aphunzitsi.

Ndalama yowonjezera imene mungapereke ikhale ndi zinthu zinayi. Ikhale yofanana kwa mabungwe onse ogwira ntchito m'deralo, apo ayi aphunzitsi amasiya sukulu ya bungwe lolipira pang'ono n'kuthamangira ya lolipira zambiri, ndipo sukulu za boma zimatsala zopanda munthu. Imangiriridwe ku ndalama yolimba kapena ku mtengo wa chakudya, chifukwa alawansi yokhazikika m'ndalama yomwe ikugwa imasungunuka pa miyezi iwiri. Ifike m'manja mwa mphunzitsi mwiniwake, kudzera pa foni, ku banki kapena kwa wolipira amene akuona chiphaso chake. Ndipo ifike pa tsiku lodziwika. Ndalama yochepa yobwera mwezi ndi mwezi imasunga mphunzitsi m'kalasi kuposa yambiri yobwera mwa apo ndi apo.

Izi zinachitikapo. Ku Yemen, kumene aphunzitsi ambiri anasiya kulandira malipiro mokhazikika kuyambira kumapeto kwa 2016, bungwe la UNICEF mu 2019 linkapereka ndalama zofanana ndi madola 50 pa mwezi kwa aphunzitsi ndi antchito a pasukulu oposa 100,000. Ku Afghanistan, ndalama za boma zitatsekeredwa kunja pambuyo pa Ogasiti 2021, linapereka madola 100 pa mwezi kwa miyezi iwiri kumayambiriro kwa 2022. Vuto la njira imeneyi likuonekera pa chitsanzo chachiwirichi: ndalama za othandiza zimatha, ndipo zikatha mphunzitsi amabwerera pomwe anali. Musanapereke kobiri loyamba, dziwani kuti mudzapereka kwa miyezi ingati, ndipo muwauze aphunzitsiwo poyera.

Mndandanda wa olipidwa uyeretsedwe musanayambe. Pa nkhondo mumakhala mayina a anthu amene anamwalira, amene anathawira kunja, ndi ena amene sanakhaleko n'komwe. Munthu aliyense aonekere pasukulu pake ndi chiphaso, ahedi ndi wapampando wa komiti ya makolo asayinire, ndipo kuwerengako kubwerezedwe teremu iliyonse. Musaiwale aphunzitsi ongodzipereka amene akugwira makalasi a omwe anachoka. Kawirikawiri sali pa mndandanda uliwonse, chonsecho ndi amene akugwira choko.

Phunziro lalikulu la Iraq lili pano. Pulogalamu ya United Nations yolola Iraq kugulitsa mafuta n'kugula chakudya, imene inavomerezedwa ndi chigamulo nambala 986 mu Epulo 1995 n'kuyamba kugwira ntchito mu Disembala 1996, inkalola ndalama kugula katundu wochokera kunja. M'chigawo chapakati ndi kummwera, kumene boma la Baghdad linkalamulira, ndalamazo sizinkalipira anthu kapena kugula zinthu m'dziko momwemo. Madesiki ndi zipangizo zinkatha kufika, koma panalibe ndalama yolipira mphunzitsi, yophunzitsa aphunzitsi atsopano, kapena yolemba mmisiri woti akhome zomwe zafikazo. M'zigawo zitatu za kumpoto, Dohuk, Erbil ndi Sulaymaniyah, bungwe la United Nations linkayendetsa lokha pulogalamuyo ndipo linkatha kugwiritsa ntchito ndalama pamalopo. Ngati muli pa tebulo pamene akukambirana za zinthu zopatulidwa pa ziletso, limbikirani kuti mawu akuti malipiro a aphunzitsi ndi ndalama zoyendetsera sukulu alembedwe momveka. Akangolemba kuti zipangizo zophunzirira, mudzalandira makatoni okhaokha.

Makaundula ndi mayeso

Ntchito yoteteza makaundula ndi yotchipa ndipo imatha pa sabata imodzi, koma imaiwalika mpaka moto utabuka. Mu Epulo 2003 nyumba zambiri za boma ku Baghdad zinabedwa ndi kutenthedwa, kuphatikizapo ya unduna wa maphunziro ndi laibulale yaikulu ya dziko. Jambulani ndi foni kaundula wa ana, mamalikesi a kumapeto kwa chaka, ndi mafayilo a aphunzitsi oonetsa maphunziro awo ndi zaka zimene agwira ntchito. Sungani m'malo atatu osiyana, amodzi akhale kunja kwa dera la nkhondo. Mafayilo a pakompyuta atsekedwe ndi mawu achinsinsi, chifukwa mndandanda wa mayina a anyamata a zaka 15 ndi chuma kwa gulu lofuna asilikali. Mwana aliyense apatsidwe kapepala kosayinidwa ndi kudindidwa koonetsa kalasi imene wamaliza, kokutidwa ndi pulasitiki, koti athawe nako.

Mayeso a boma musawalumphe ngati pali njira iliyonse yowalembetsera. Makolo amapirira kalasi yodontha malinga ngati kumapeto kuli satifiketi. Mayeso akalephereka chaka chimodzi, ana akuluakulu ambiri sabwereranso. Ku Iraq mayeso a kumapeto kwa chaka analembedwa mu 2003 momwemo, patangopita miyezi yochepa boma litagwa, mothandizidwa ndi UNICEF. Ku Syria, pa nthawi ya nkhondo, ana a kalasi 9 ndi 12 ankadutsa malire a magulu omenyana kuti akalembe mayeso ovomerezeka. Zofunika kukonzeratu ndi mapepala ndi inki, malo otetezeka osungira mafunso, mafuta a galimoto zonyamula, ndalama ya oyang'anira ndi ochonga, ndi mgwirizano ndi omenyanawo wa masiku amene ana angayende. Silabasi ikakhala kuti sinathe, chepetsani mitu yofunsidwa ndipo mulengeze miyezi ingapo mayeso asanafike, koma dzina ndi mphamvu ya satifiketi zisasinthe.

Kwa ana othawira kunja, funso lofunika kuliyankha tsiku loyamba ndi lakuti adzalemba mayeso a dziko liti. A Malawi amaidziwa nkhaniyi: dziko lino linasunga anthu pafupifupi miliyoni imodzi ochokera ku Mozambique nkhondo yawo isanathe mu 1992, ndipo lero ana a ku Dzaleka amaphunzira silabasi ya Malawi n'kulemba mayeso a MANEB. Ngati kubwerera kwawo kuli pafupi, silabasi ya kwawo ndiyo yothandiza. Ngati nkhondo ikuoneka kuti itenga zaka, alowetseni m'dongosolo la dziko limene afikira. Choipitsitsa ndi silabasi yopangidwa ndi bungwe, imene palibe boma lililonse likuivomereza.

Kuitanitsa katundu pansi pa ziletso

Yambani ndi kudziwa kuti ziletsozo ndi za ndani. Za United Nations zimamanga mayiko onse. Za America zimayendetsedwa ndi ofesi ya OFAC ndipo zimakhudza ndalama iliyonse yodutsa m'madola. Za European Union ndi za Britain zili ndi malamulo ake. Katundu mmodzi angakhale wololedwa pa zina koma woletsedwa pa zina. Werengani chigamulo chenichenicho, osadalira zomva. Kuyambira pa 9 Disembala 2022 pali chigamulo nambala 2664, chimene chimapatula ntchito zothandiza anthu pa ziletso za United Nations zotsekereza chuma. Chimathandiza mabungwe amene atchulidwamo, koma sichichotsa malamulo a mayiko paokha oletsa kugulitsa katundu wina.

Ku Iraq mgwirizano uliwonse wogula katundu unkapita ku komiti ya ziletso ku New York, ndipo dziko limodzi la m'komitimo linkatha kuuimitsa. Migwirizano yambiri yoimitsidwayo inkaimitsidwa ndi America ndi Britain, ndipo pofika mu 2002 katundu woimitsidwa anali wa ndalama pafupifupi madola 5 biliyoni. Chifukwa chomwe chinkaperekedwa kawirikawiri chinali chakuti katunduyo angagwirenso ntchito ya usilikali. Kwa sukulu, izi zimagwira makompyuta, mankhwala ndi zipangizo za mu labotale, magalimoto, majenereta, ngakhale klorini wothira m'madzi.

Pali zinthu zingapo zimene zimachepetsa kuchedwa. Musaike katundu wokayikitsa pa pepala limodzi ndi katundu wamba. Makope 200,000 akhoza kukhala padoko miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha makompyuta khumi omwe munawalemba nawo limodzi. Pa katundu aliyense lembani dzina la wopanga, nambala ya mtundu wake, mphamvu yake, sukulu imene akupita, ndi amene adzatsimikize kuti wafikadi. Mafomu ambiri amabwezedwa chifukwa chosowa zimenezi. Koma zinthu zimene zimagwira ntchito limodzi ziitanitseni ngati chinthu chimodzi, ndipo nenani kuti chimodzi popanda chinzake n'chachabe. Ku Iraq zinkachitika kuti katundu wina wavomerezedwa koma chipangizo chomuyendetsa chaimitsidwa. Makina osindikizira opanda inki ndi masipeya ake ndi chitsulo chongodzaza malo. Onjezani masipeya a zaka ziwiri pa oda yoyamba yomweyo, chifukwa kupempha kachiwiri ndi kuyambanso mzere.

Chopinga chachikulu masiku ano nthawi zambiri ndi banki. Ngakhale lamulo likulola, banki imakana kutumiza ndalama poopa chindapusa, ndipo kampani ya sitima kapena ya inshuwalansi imachitanso chimodzimodzi. Lankhulani ndi ofesi ya banki yoona za kutsata malamulo musanasayine mgwirizano ndi wogulitsa. Apatseni chilolezo chimene mukudalira, mayina a olandira ndalama, ndi umboni wakuti mwawafufuza pa mindandanda ya oletsedwa. Khalani ndi banki yachiwiri. Maphunziro a pa intaneti nawo musawadalire okha: mu Januwale 2014 kampani ya Coursera inatsekera ophunzira a ku Iran, Sudan ndi Cuba chifukwa cha malamulo a America. Chilichonse chimene mungathe kukopera n'kusunga pa kompyuta ya pasukulu, koperani lero.

Kunena zoona kumafunika mbali zonse. Boma la Saddam Hussein linakana dongosolo logulitsa mafuta pogula chakudya pamene linaperekedwa koyamba mu 1991, linkamanga nyumba zachifumu sukulu zikugwa, ndipo kafukufuku wokhazikitsidwa ndi United Nations, wotsogoleredwa ndi Paul Volcker, mu 2005 anapeza kuti linkalandira ndalama zachinyengo kuchokera kwa makampani. Komanso akuluakulu awiri a United Nations amene ankayang'anira chithandizo ku Baghdad, Denis Halliday mu 1998 ndi Hans von Sponeck mu 2000, anatula pansi udindo potsutsa zimene ziletsozo zinkachita kwa anthu wamba. Wogwira ntchito pakati pa boma ndi oika ziletso ayembekezere kufinyidwa uku ndi uku, ndipo alembe chilichonse chimene walandira ndi kumene wachipereka.

Mabuku

Werengerani mapepala m'matani, chifukwa ndi mmene amagulidwira ndi kunyamulidwira. Pepala limodzi la A4, la mtundu wa magalamu 70 pa sikweya mita, limalemera pafupifupi magalamu 4.4. Buku la masamba 128 lili ndi mapepala 64, ndiye ndi magalamu pafupifupi 280 osawerengera chikuto. Mabuku 100,000 otere amafuna matani 28, ndipo muonjezepo gawo limodzi mwa magawo khumi la owonongeka posindikiza. Ndalama zikachepa, tsatani dongosolo ili: buku la mphunzitsi pa phunziro lililonse, kenako mabuku owerenga ndi a masamu a makalasi atatu oyambirira, kenako a makalasi olemba mayeso. Mabuku asokedwe ndi ulusi, chifukwa omata ndi guluu amayoyoka chaka chisanathe pamene akugwidwa ndi ana atatu. Dindani chidindo cha sukulu pachikuto ndi patsamba lina la mkati kuti asapezeke pamsika.

Ku Zimbabwe, sukulu zitatsala pang'ono kuima mu 2008 chifukwa cha kugwa kwa ndalama, mayiko othandiza amene sankafuna kupereka ndalama ku boma anaziika m'thumba lapadera loyendetsedwa ndi UNICEF mu 2009, ndipo thumbalo linagula mabuku a pulayimale pafupifupi 13 miliyoni. Kugula ambiri nthawi imodzi kunatsitsa mtengo wa buku limodzi. Unduna ndiwo unkavomereza mabuku, ndalama zokha ndi zimene zinkadutsa kwina. Njira imeneyi ndi yoyenera kutengera pamene ndale zatseka khomo la boma.

Pa masabata oyambirira, bokosi la zipangizo la UNICEF limakwanira mphunzitsi mmodzi ndi ana 40, ndipo chivundikiro chake chimapakidwa penti n'kukhala bolodi. Ndi la miyezi itatu chabe. Itanitsani makope, mapensulo ndi choko zowonjezera tsiku limene bokosilo lafika.

Madzi, zimbudzi, ndi maola

Muyezo wochepetsetsa wa pa nthawi ya ngozi ndi malita atatu pa mwana pa tsiku, akumwa ndi osamba m'manja, chimbudzi chimodzi pa atsikana 30 ndi chimodzi pa anyamata 60. Sukulu ya ana 600 ikufunika malita 1,800 tsiku lililonse, osawerengera otsukira zimbudzi. Madzi othiridwa klorini ayezedwe pampopi, apezeke ndi mamiligalamu 0.2 mpaka 0.5 pa lita. Sukulu za m'tawuni zokhala ndi zimbudzi zogejemula ndi zimene zimavutika msanga magetsi akazima, monga zinachitikira ku Iraq mu 1991: pampu ikaima, zimbudzi zimasefukira, ndipo atsikana akuluakulu ndi oyamba kusiya kubwera. Kumbani zimbudzi za dzenje zogwirizira, za atsikana zikhale patali ndi za anyamata, zokhala ndi chitseko chokhoma mkati.

Nyumba zikachepa, ana amaphunzira mosinthana, ena m'mawa ena masana. Ku Iraq sukulu zambiri zinafika pa magulu awiri kapena atatu pa tsiku. Werengerani zimene zikutayika. Maola asanu pa masiku 180 ndi maola 900 pa chaka. Maola atatu pa masiku omwewo ndi 540. Simungaphunzitse silabasi yonse pa maola amenewo, ndipo mukayesa mphunzitsi amangolemba manotsi pabolodi ana n'kumakopera osamva. Sankhani mwadala: kuwerenga, kulemba ndi masamu zitenge gawo lalikulu, ndipo mitu yochotsedwa ilembedwe kuti idzabwezedwe. Ana aang'ono ndi atsikana apatsidwe nthawi yoti afike kunyumba kusanade. Magulu asinthane nthawi teremu iliyonse kuti gulu limodzi lisamangokhala la masana otentha, mphunzitsi atatopa kale. Kwa ana amene ataya zaka ziwiri kapena kuposa, atsegulireni kalasi yawoyawo yophunzira zaka ziwiri m'chaka chimodzi. Mnyamata wa zaka 14 sakhalitsa pa benchi imodzi ndi ana a zaka 8.

Phala la pasukulu limabweza ana ambiri kuposa msonkhano uliwonse wolimbikitsa makolo. Liperekedwe m'mawa, phunziro loyamba lisanayambe kapena litangotha.

Nyumba

Nkhani ya nyumba za sukulu taiika kumapeto dala. Musalowetse mwana m'sukulu imene munakhala asilikali kapena imene inaphulitsidwa akatswiri ochotsa mabomba asanaiyendere n'kupereka chikalata. Ayang'ane bwalo lamasewera, zimbudzi, kudenga, ndi njira zimene ana amadzera. Ana aphunzitsidwe lamulo limodzi losavuta, lobwerezedwa sabata iliyonse: chinthu chachilendo usachikhudze, bwerera mmene unadzera, kauze wamkulu. Timabomba ting'onoting'ono tomwazika kuchokera m'bomba lalikulu timaoneka ngati zoseweretsa, ndipo tapha ana ambiri ku Iraq nkhondo itatha.

Pokonza, yambani ndi denga, zitseko, mawindo ndi madzi. Penti adikire. Mu 2003 sukulu zambiri za ku Iraq zinakonzedwa mothamanga kudzera mwa makontilakitala obwerekana ntchito, ndipo madandaulo anali akuti makoma apakidwa koma mipope ndi zimbudzi zili momwemo. Ndalama yomaliza ya kontilakitala isaperekedwe ahedi ndi komiti ya makolo asanatsegule mpopi uliwonse ndi kuona denga mvula itagwa. Tenti ya masikweya mita 72 imakwana kalasi ya ana 40, koma dzuwa ndi mphepo zimaitha pa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndiye pulani ya nyumba yokhalitsa iyambe tenti ikungodzutsidwa.

Kuti asilikali asasandutse sukulu kukhala msasa, gwiritsani ntchito mgwirizano wa mayiko woteteza sukulu umene unayamba ku Oslo mu Meyi 2015, ndi chigamulo cha United Nations nambala 2601 cha 2021. Mapepala amenewa saimitsa chipolopolo, koma amakupatsani choyambira pokambirana ndi mkulu wa asilikali wa m'deralo. Pitani ndi atsogoleri a chipembedzo ndi mafumu, ndipo mukhale mutapeza kale nyumba ina imene angasamukireko.

Boma likasintha, padzabwera mawu akuti aphunzitsi a chipani chakale achotsedwe. Pa 16 Meyi 2003 olamulira a ku America ku Baghdad analamula kuti mamembala a maudindo apamwamba a chipani cha Baath, cha Saddam Hussein, achotsedwe ntchito, ndipo aphunzitsi ndi ahedi masauzande ambiri anapita nawo, m'dziko limene ambiri ankalowa chipani kuti apeze ntchito kapena akwezedwe. Patatha chaka olamulira omwewo anayamba kubweza ena mwa iwo. Ngati kufufuza n'kofunika, kukhale kwa munthu mmodzimmodzi, pa zimene iye anachita, ndi mwayi wochita apilo. Amene sakuimbidwa mlandu wozunza anthu apitirize kuphunzitsa pamene fayilo yake ikuunikidwa, ndipo musachotse mphunzitsi wa kalasi ya mayeso pakati pa chaka wolowa m'malo mwake asanafike pasukulupo.